A Mwale ndi Nyimbo Yawo Yopanda Mawu

Tawaika a Lazaro Mwale sabata yathayi. Pamaliro panayankhula anthu ambiri, ndipo onse ananena zofanana: anali munthu wofatsa, wosayambana ndi munthu. Kufatsa ayi, sanali wofatsa. Ndakangana nawo zaka zambiri mumpingo umodzi, ndiye ndikudziwa. Ndati ndilembe zimene ndinaona ndi maso anga, anthu asanawasandutse munthu wina.

Ntchito yawo inali utelala. Makina awo ankakhala pakhonde la sitolo ina pa Chipoka, moyang'anana ndi njanji. Ankasoka mayunifolomu a ana asukulu ndi madiresi a amayi, otalika kupitirira mawondo monga lamulo linkafunira masiku amenewo. Koma mlendo akafunsa kuti a Mwale ndi ati, palibe ankamulozera kumakina. Ankati, "A Bwerezani? Pitani kutchalitchi." Dzinali anawapatsa ndi amayi amene ankasinja pafupi ndi tchalitchi, chifukwa dzuwa likangopendeka a Mwale ankatseka makina, nkupita kukakhala pa piyano yawo. Pamenepo ankatenga kachidutswa kamodzi ka nyimbo nkumakabwereza. Akalakwitsa, ankayambiranso. Akakhoza, ankayambiransobe. Ankati kukhoza kamodzi ndi ngozi chabe.

Piyanoyo anabwera nayo kuchokera ku Halale. Ali mnyamata anakagwira ntchito yophika kwa gogo wina wachizungu amene ankaphunzitsa ana kuyimba piyano. Gogoyo anawapeza tsiku lina akugogoda mano a piyanoyo ndi chala chimodzi m'malo mopukuta fumbi. Sanawachotse ntchito. Anawakhazika pampando. Pamene gogoyo ankabwerera kwawo atakalamba, anawasiyira piyanoyo, ndipo inatsika sitima pa Chipoka ili m'chibokosi chachikulu ngati cha maliro a anthu awiri. Tinainyamula pangolo mpaka kunyumba kwawo. Pakhomo sinalowe. Chitseko chinali chopapatiza, denga la udzu linkadontha. Abusa a nthawi imeneyo anati ibaikidwa kaye m'tchalitchi, pakona ya kutsogolo mbali ya amayi. Kubaikidwa kaye kumeneko kunatha zaka.

Ife tinkaitcha limba. Iwo ankakwiya. Ankati limba limapuma mpweya ngati ng'ombe, piyano imamenyedwa ndi tinyundo. Tinyundoto tinali ndi nsalu yofewa kumutu kwake, ndipo nsaluyo ikatha kapena makoswe akaidya, a Mwale ankadula m'mphepete mwa chipewa chawo nkumatapo. Chaka ndi chaka chipewacho chinkachepa. Nyengo ya dzinja mano a piyano ankafufuma ndi chinyezi, ena osabwerera ukawadina. Nyengo yotentha nsambo zinkalekerera. Iwo ankazikunga ndi sipanala imene anawasulira munthu wina wa kunjanji, khutu ataligunditsa kuthabwa, ndipo wolowa m'tchalitchi nthawi imeneyo ankathamangitsidwa, kaya ndi mkulu wa mpingo.

Manja awo ankawasamala kuposa mmene ankasamalira mimba yawo. Khoka likamakokedwa, mwamuna aliyense wa m'mudzi amagwirako chingwe kuti apatsidweko ndiwo. A Mwale sankagwira. Ankati chingwe chimaumitsa zala. Mlamba sankaukhudza poopa minga yake. Amuna ankawaseka kuti manja awo ndi a namwali wa m'tsimba. Iwo ankangoyankha kuti ukonde ukang'ambika abweretse, ndipo ankausoka msanga kuposa asodzi eni ake. Akazi awo ankalima mpunga okha ndi ana kwa zaka zambiri. Pa chimenechi ndinawadzudzula pamaso, ndipo sindinasinthe maganizo.

Mkangano wathu waukulu unali wina. Nyimbo za m'buku ankazidziwa zonse, koma mtima wawo sunali pamenepo. Unali pa nyimbo imodzi yopanda mawu imene ankaitcha etiyudi, monga ankaitchulira gogo uja. Tsiku lina ndinawafunsa.

"A Mwale, nyimbo yanuyi ikuti chiyani?"

"Sikuti kanthu."

"Nanga Mulungu aimva bwanji?"

"A Phiri, mpheta zija zikukudyerani mpunga, zimayimba Chichewa kapena Chiyao?"

"Mpheta si za mumpingo."

"Ndiye mwayi wake umenewo. Zikanakhala za mumpingo mukanaziimika pabwalo."

Ankafotokoza kuti etiyudi ndi nyimbo yopekedwa dala kuti zala zivutike, monga mmene munthu amaphunzirira kupalasa bwato pa mwera, osati pa bata. Iliyonse imasankha vuto limodzi nkulikakamira mpaka kumapeto. Vuto la imeneyi linali lakuti dzanja lamanja silipuma. Linkayambira kumano akumapeto, kumene mawu ake ndi ang'onoang'ono, nkutsetsereka ngati mpunga ukukhuthuka m'thumba lobooka. Lisanafike pansi linali litakwera kale, nkutsetserekanso. Lamanzere linkangoponda mwa apo ndi apo, molemera, ngati munthu wosenza ukonde wonyowa pamchenga. Ankati liwiro lokha si luso. Wothamanga chifukwa cha mantha ndi wothamanga chifukwa cha chimwemwe, mapazi awo amamveka mosiyana, ndipo nyimboyi inkafuna mapazi achiwiriwa.

Ankalimbikiranso kunena kuti m'kati mwa chipiringu chonsecho muli nyimbo ina yoyenda pang'onopang'ono, imene imanyamulidwa ndi chala chachikulu chokha pamene zala zinazo zikuthamanga. Ine ndinkawauza kuti mulibe. Sindinali nditaimvapo.

Kunena zoona, panalibe amene anaimvapo nyimboyo yonse. Pakati pa sabata tinkangomva zidutswa zobwerezabwereza. Pa ukwati kapena pa Khirisimasi akati aiyimbe yathunthu, dzanja lamanja likangoyamba kutsetsereka, amayi ankaimika nthungululu. Anyamata m'manja. Ena ankadzuka kuvina mpaka kutsogolo kukawafupa. Pa ukwati wina azakhali a mkwatibwi anafika ndi chambo chowamba nkuchiika pamano penipeni. A Mwale ankasiya, kutseka chivundikiro, nkutuluka. Anthu ankati ndi odzikuza. Koma anthuwo sankalakwa. Kwathu kuno woyimba sasiyidwa yekha. Wina akayambitsa nyimbo, ena amavomera. Kukhala chete munthu akuyimba ndiye kumuuza kuti walephera, akhale pansi.

Tsono inafika nthawi imene mpingo unakula. Ntchito ya njanji ndi ya mpunga inabweretsa anthu ochokera m'maboma ena, aphunzitsi, akalaliki, ndi mabanja awo. Lamulungu lililonse amayi ena ankakhala panja padzuwa, kumvera ulaliki pawindo. Pakona pamene panali piyano pankatha kukwana benchi. Komanso piyanoyo sinkatithandiza kwenikweni pa mapemphero. Ife timayimba mokoka, a Mwale sankadziwa kudikira, ndiye nyimbo iliyonse inkakhala ngati mkangano wa ng'ombe ziwiri pagoli limodzi. Akulu a mpingo tinakhala pansi. Ambiri tinati ituluke, ikakhale m'chisakasa cha kuseri kumene timasunga makasu ndi machira. Ine ndinali mmodzi mwa onena zimenezo, ndipo zifukwa zanga zinali zabwino. Tonse tinkadziwa kuti m'chisakasa muja, dzinja limodzi lokha, mvula ndi chiswe zidzaimaliza.

Abusa anali munthu wosafuna kulamula yekha. Anati Lamulungu la masika, mapemphero akatha, a Mwale ayimbe nyimbo yawo yopanda mawuyo pamaso pa mpingo wonse. Mpingo ukati ndi yoyenera m'nyumba ya Mulungu, piyano ikhala. Ukakana, ituluka.

Patapita masiku angapo a Mwale anandipeza kumunda ndikumanga mitolo ya mpunga.

"A Phiri, ndabwera kwa mdani wanga."

"Khalani pansi. Mdani amakhalanso pansi."

Ntchito yanga m'tchalitchi inali yosungitsa bata. Ndinali ndi ndodo ya nsungwi yodzutsira ogona ndi kuloza olongolola. Anandipempha chinthu chimodzi: kuti tsiku limenelo ndigwiritse ndodoyo, pasamveke nthungululu, kuwomba m'manja kapena kuvomera, mpaka nyimbo ithe.

"Bwanji osapempha abwenzi anu?"

"Abwenzi anga ndi amene amandipha. Inu simundikonda, ndiye simudzakuwa."

Ndinavomera. Munthu woweruzidwa ayenera kumvedwa mpaka amalize kuyankhula. Limenelo ndi lamulo la pabwalo lililonse.

Vuto linali Anabanda. Amenewa ndiwo ankatsogolera amayi a mumpingo, ndipo ankagulitsa usipa wouma mpaka ku Lilongwe. Nthungululu yawo inkamveka kusiteshoni. Iwo ankawakonda kwambiri a Mwale, chifukwa ndi amene anawasokera diresi laukwati wa mwana wawo nsalu ili yoperewera, nkulikwanitsa. Ndinawapeza pa thandala akutembenuza usipa, ndipo ndinapeza atakonza kale zawo ndi amayi anzawo.

"Tikakuwa mpaka malata azuke misomali," anatero. "Akulu a mpingo amve kuti limba ndi lathu."

"Musakakuwe."

"Ehe! Tinadziwa. Inu a Phiri mukufuna lituluke, ndiye mwabwera kudzatitseka pakamwa."

"Andituma ndi eni ake."

"Bodza, mkulu ngati inu? Munthu angaitane anzake kuphwando nkuwauza kuti asatafune?"

"Kafunseni."

Anasiya usipa pomwepo nkupita kukhonde la sitolo. Anabwerako nkhope ili yokwinya. Anati amva, ndi misala ya ku Halale, koma achita. Kenako anandifunsa, "Nanga tikadziwa bwanji kuti yatha?"

Ndinati, "Nyimbo ikatha imadziwika."

Lamulungu la masika tchalitchi chinadzaza mpaka pakhomo. Kutsogolo kunali matumba a mpunga, mikoko ya nthochi, madengu a utaka, ndi nkhuku zomangidwa miyendo. M'mawindo munali mitu yokhayokha, ngakhale ya anzathu achisilamu a kudooko amene anamva kuti telala aweruzidwa. Abusa atadalitsa zopereka, ndinaimirira nkunena mawu ochepa. Ndinati aliyense asunge pakamwa pake ndi manja ake mpaka nyimbo ithe, amayi a makanda awayamwitse, ndipo amene sangathe atuluke tsopano. Palibe anatuluka. A Mwale anaika chipewa chawo chotha m'mphepete chija pamwamba pa piyano, anapukuta manja pathalauza, nkuyamba.

Poyamba zinali zimene tinkazidziwa. Dzanja lamanja linatsetsereka, lamanzere nkuponda. Ndinaona mapewa a amayi akuyamba kugwedera, mapazi akusuntha pansi. Ndinakweza ndodo. Anabanda anadziluma mlomo, manja atawapanira pakati pa mawondo. Kuthamanga kuja kunakwera, kunakwerabe, kufika pamene ndinaganiza kuti zala zipiringizana. Sizinapiringizane. Mawu aliwonse ankagwa paokha, oyera, osakwerana.

Kenako kunachepa. Liwiro linali lomwelo, koma phokoso linatsika mpaka tinayamba kumva nkhuku zikupuma pamulu wa zopereka. Pamenepo ndi pamene ndinaimva. Pansi pa kuthamangako panali nyimbo ina, yodekha, yoyenda ngati munthu wamkulu amene akudutsa pamsika osapupuluma, ana akuthamanga mbali zonse. Inkakwera pang'ono, kuima ngati ikufunsa, nkutsika. Ndinayang'ana chala chawo chachikulu. Ndi chimene chinkayenda nayo. Sindinasangalale kuona kuti ankanena zoona, koma ndinaimva.

Itafika pamwamba, zonse zinaima. A Mwale anachotsa manja pamano. Anabanda anadzambatuka, dzanja lili kale pakamwa. Ine sindikudziwa chimene chinandiuza, kapena ndi msana wa a Mwale umene unali usanawongoke, koma ndinawaloza Anabanda ndi ndodo. Anaima choncho, kukamwa kuli yasa. Nthawi yomweyo manja onse awiri anagwera kumano akumunsi nkukwera limodzi, mwamphamvu kuposa poyamba, mpaka chipewa chinayamba kunjenjemera pamwamba pa piyano. Anabanda anakhala pansi mwakachetechete ngati mwana wopezeka akuba shuga. Tonse tinaphunzirapo kuti nyimbo imeneyi imatha kuima isanathe.

Tinkayembekezera kuti ikamatha ithera pa chiphokoso, monga ng'oma imathera. Sinatero. Mphamvu ija inaphwa pang'onopang'ono, kuthamanga kunasanduka kuyenda, ndipo pomaliza panangomveka timawu tofewa, ngati munthu akutseka chitseko kuti asadzutse khanda. A Mwale anaika manja pamawondo.

Tchalitchi chonse zii.

Tinadikira kuti ayambirenso. Ine ndodo ndinali nditaikwezabe. Amayi ankayang'ana Anabanda, Anabanda ankayang'ana ndodo, abusa ankayang'ana pansi. Palibe ankafuna kuchita manyazi kachiwiri. Ndinaona khosi la a Mwale likugwa pang'onopang'ono. Munthu amene anapempha bata zaka zonsezo, bata litabwera linamulasa, chifukwa naye anabadwira konkuno ndipo ankadziwa tanthauzo lake. Anatseka chivundikiro. Anatenga chipewa. Anayamba kuyenda pakati pa mabenchi kulowera kukhomo, osayang'ana munthu, ngati woluza mlandu.

Ali pafupi kutuluka, Anabanda anayankhula monong'ona, koma kunong'ona kwawo kunamveka tchalitchi chonse.

"A Mwale, pepani. Kodi yatha?"

Anatembenuka. "Yatha kalekale, mayi."

"Nanga osanena bwanji, bambo inu!"

Nthungululu imene inatuluka pamenepo sindinaimveponso. Nkhuku zinadula zingwe. Amayi anawazungulira a Mwale pakhomo pomwepo, ena kuwakupiza ndi zitenje, amuna akuwomba m'manja, a m'mawindo akumenya mafelemu. Ndodo ndinaitsitsa. A Mwale anayesa kukwiya monga mwa chizolowezi chawo, koma nkhope inawakana. Anaphimba maso ndi chipewa.

Phokoso litatha abusa anafunsa mpingo. Yankho linali lodziwikiratu. Kenako anafunsa ife akulu. Ndinaimirira nkunena kuti ndamva nyimbo imene ndinkati kulibe, ndipo kuti vuto la malo silinathe, amayi akadali padzuwa. Ndinati ngati piyano ikhala, tigumule khoma lakumbuyo, tchalitchi chitalike. Chilimwe chimenecho tinaumba njerwa. A Mwale dothi sanaligwire. Ankabwera ndi tiyi.

Mpaka lero ndimati nyimbo ya pa mapemphero iyenera kukhala ndi mawu, ndipo iwo anamwalira akudziwa kuti sindinagonje. Koma kuyambira chaka chimenecho, Lamulungu la masika lililonse ankaiyimba mapemphero akatha, ndipo akamaliza ankatembenuka nkugwedeza mutu kwa Anabanda.

Mwa anthu amene anali m'tchalitchi tsiku lija munali mayi Msiska, mphunzitsi wa ku pulayimale, wochokera ku Rumphi. Patapita zaka, ana awo atakula, anapita kwa a Mwale kukapempha kuti awaphunzitse. Nthawi imeneyo nyamakazi inali itayamba kupinda zala za a Mwale, ndipo kuthamanga kuja kunali kutayamba kudumpha mano ena. Anawalandira, koma osati mwaulemu. Ankawayimbitsa pang'onopang'ono ngati nyimbo ya maliro, ndipo akafulumira pang'ono ankawamenya padzanja ndi tepi yoyezera nsalu. Mayi Msiska anandidandaulira kamodzi kuti iwo ndi mayi wa ana akuluakulu, sangamamenyedwe ndi telala. Ndinati asiye. Sanasiye. A Mwale ankati wofuna kuthamanga ayambe wadziwa pamene phazi lililonse likugwera, ndiponso kuti nyimbo imeneyi siikhala m'buku kapena m'thabwa, imakhala m'manja mwa munthu wamoyo, ndiye iyenera kusamuka manja akale asanatseke.

Miyezi yomaliza sankathanso kukhala pampando wa piyano. Ankawanyamula panjinga kudzawakhazika pabenchi lakutsogolo, nkumamvetsera maso ali chitsinzinire. Ndinawamva akukalipa kuti, "Chala chachikulu, aphunzitsi! Mwachisiya kusukulu?" Mawu omaliza amene ndinawamva m'tchalitchi ndi amenewo.

Dzulo ndinalowamo masana kukatenga buku langa. Piyano ili pakona pomwe paja. Miyendo yake ili m'zitini za oyilo wakale zimene anaziika kuti chiswe chisakwere, ndipo wina wathiramo watsopano. Mpando wawo wamiyendo itatu ulipo, pakati pake pali polowa chifukwa chokhalapo. Palibe waukhalira. Mayi Msiska amaukankhira pambali nkuika mpando wa kusukulu.

Ndinawerama kuyang'ana pansi, pafupi ndi chitsulo chimene woyimba amaponda ndi phazi lamanja. Chidendene cha a Mwale chinakumba kadzenje m'simenti, kosalala ngati mkati mwa chipande. Phazi la mayi Msiska ndi lalifupi, silifika m'kadzenjemo. Kutsogolo kwake pang'ono, simenti yayamba kuwala pena.